Anakutsekerani issue pa GitHub: kodi wamwano ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene ali ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi kupanga fotokope. Ndiifupikitse. Amagwiritsa ntchito pulogalamu ina yaulere, ya open source (code yake, malangizo amene anaipangira, ili poyera kwa aliyense), polembera makasitomala malisiti. Ataika version yatsopano, malisiti anayamba kutuluka pa printa manambala atadukaduka. Analemba issue (uthenga wonena za vuto) pa GitHub, webusayiti imene olemba mapulogalamu amasungirako code yawo, kuti pulogalamu yawonongeka, aikonze msanga chifukwa bizinesi yaima. Kunali zii. Analembanso kufunsa ngati kumeneko kuli anthu amoyo. Pamenepo mwini pulogalamuyo anayankha mzere umodzi, kuti pa kompyuta yake vutolo silikuoneka ndipo wofuna zachangu atumize yekha patch (code yokonza vutolo), kenako n'kutseka issue. Funso la m'baleyu n'lakuti: "Kodi umenewu si mwano? Munthu amaika bwanji chinthu pagulu kenako n'kumakana kuthandiza ochigwiritsa ntchito?"

Achimwene, yankho langa silikukomerani lonse. Mwini pulogalamuyo akanatha kuyankha bwino kuposa apo, ndipo ndifikako. Koma amene anayamba kuponda molakwika ndinu, ngakhale simunachite dala.

Munalemba ngati kasitomala amene wagulitsidwa katundu wowola. Tsegulani fayilo yotchedwa LICENSE m'pulogalamu yanuyo. Kaya ndi laisensi ya MIT kaya ya GPL, mupezamo ndime ya zilembo zikuluzikulu yonena kuti pulogalamuyi ikuperekedwa mmene ililimu, popanda chitsimikizo chilichonse chakuti igwira ntchito. Mwapatsidwa ufulu woigwiritsa ntchito, woisintha ndi woigawira ena, koma nthawi ya amene anailemba simunapatsidwe. Mapulogalamu ang'onoang'ono ambiri amasamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, usiku akaweruka kuntchito yomwe amalipidwa. Zili ngati mjigo wa m'mudzi: otunga ndi mudzi wonse, koma ukathyoka wogwira sipanala ndi bambo mmodzi yemweyo, ndipo palibe amene amamulipira. Mukafika pakhomo pake m'mawa mukukuwa kuti madzi ali kuti, musadabwe akakuyankhani ali chigonere.

Musaganize kuti ndinu nokha. Makampani akuluakulu amachitanso zomwezi, mwinanso kuposa. Mu Disembala 2021 kutapezeka bowo loopsa la chitetezo mu Log4j, kapulogalamu kaulere kamene mapulogalamu ambiri amadalira, makampani anayamba kutumiza makalata paliponse mwamantha. Mu Januwale 2022, Daniel Stenberg wa ku Sweden, amene amasamalira curl (pulogalamu yaulere yotumizira ndi kulandira data pa intaneti) kuyambira 1998, analandira imelo kuchokera ku kampani ina yaikulu yomulamula kuti ayankhe mafunso okhudza Log4j pasanathe maola 24. Chikhalirecho curl sigwiritsa ntchito Log4j n'komwe, ndipo kampaniyo inalibe mgwirizano uliwonse ndi iye. Anawayankha mwaulemu kuti ayankha mafunso onsewo akangosainirana kontirakiti yolipira. Ine ndimaona kuti linali yankho loyenera ndithu.

Koma nkhani imene ndikufuna muiganizire kwambiri ndi ya xz Utils, chifukwa inasintha mmene osamalira mapulogalamu ambiri amaonera mauthenga ngati anu aja.

xz ndi kapulogalamu kopanikiza mafayilo kuti achepe, ndipo kamapezeka pafupifupi mu Linux aliyense (Linux ndi pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, ngati Windows). Kwa zaka zambiri kankasamalidwa ndi munthu mmodzi, Lasse Collin wa ku Finland. Mu 2021 kunatulukira wina wodzitchula Jia Tan, n'kuyamba kutumiza zokonza zabwinobwino. Mu 2022 kunabweranso ena, wina wodzitchula Jigar Kumar, wina Dennis Ens, n'kuyamba kudandaula kuti ntchito ikuchedwa, zokonza zikungokhala osalandiridwa, ndipo zinthu siziyenda mpaka papezeke wosamalira wina. Collin anayankha poyera kuti chidwi akadali nacho, koma wakhala akuvutika ndi matenda a maganizo kwa nthawi yaitali, ndipo anawakumbutsa kuti ntchitoyi amaigwira mongodzipereka, salipidwa. Odandaulawo sanaleke. Pang'ono ndi pang'ono Jia Tan anapatsidwa mphamvu zambiri, mpaka zotulutsa version yatsopano.

Kumayambiriro kwa 2024, mu version 5.6.0 ndi 5.6.1, munabisidwa khomo lachinsinsi loti mwini wake azitha kulowa m'makompyuta a anthu kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali. Amene anatulukira zimenezi ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, pulogalamu yosunga data. Iye anangodabwa kuti kulowa pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi ndipo kukudya mphamvu ya kompyuta mosayenera, n'kuyamba kufukula. Analengeza pa 29 Malichi 2024, zinthuzo zisanalowe m'ma version okhazikika a Debian ndi Red Hat, mitundu ya Linux imene ma seva ambiri padziko amayendera. Ambiri amene anafufuza nkhaniyi amakhulupirira kuti odandaula aja anali mbali ya chiwembu chomwecho: ntchito yawo inali kumutopetsa Collin kuti apereke makiyi.

Sindikunena kuti inu ndinu kazitape, achimwene, inu mumangofuna malisiti anu. Ndikunena kuti mawu akuti "kodi kuno kuli anthu?" ndi "konzani msanga" ndi omwewo amene anagwiritsidwa ntchito pofooketsa munthu wodwala, ndipo anagwira ntchito chifukwa amamveka ngati madandaulo a tsiku ndi tsiku. Wosamalira pulogalamu amene amawerenga mauthenga otere khumi pa sabata amaphunzira kutseka khomo msanga. Mwina ndinu munthu wa 50 kumulembera choncho chaka chino, ndipo munalandira mkwiyo wa ena 49 aja.

Tsopano mbali yake. Kusalipidwa sikupereka chilolezo chonyoza anthu, ndipo gulu la open source lakhala ndi vuto limeneli kwa nthawi yaitali. Linus Torvalds mwiniwake, amene anayambitsa Linux mu 1991, anatchuka ndi maimelo otukwana anthu amene atumiza code yosamusangalatsa. Sage Sharp, amene ankasamalira mbali ya USB 3.0 mu kernel (mtima wa Linux), anadzudzula khalidweli poyera mu 2013 ndipo mu 2015 analengeza kuti wasiya ntchito ya kernel chifukwa cha zomwezo. Mu Seputembala 2018 Torvalds anapepesa, anapuma kaye kwa pafupifupi mwezi, ndipo Linux inakhazikitsa malamulo a khalidwe otengedwa ku Contributor Covenant. Chaka chomwecho, mu Julaye, Guido van Rossum anatula pansi utsogoleri wa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, atatopa ndi mkangano wokhudza kusintha kwina kwa chilankhulocho. Moto umawotcha mbali zonse: pena wothawa ndi wothandiza, pena ndi mwini pulogalamu.

Kunena za yankho limene munalandira, ndiligawa pawiri. Mawu akuti vuto silikuoneka pa kompyuta yake si chipongwe ayi. Akukuuzani zoona: sangakonze chimene sakuchiona, ndipo printa yanu alibe. Koma kuuza munthu wa kashopu ka fotokope kuti atumize patch, podziwa kuti mwina sanalembepo code chibadwire, ndi njira yaulemu yothamangitsira mlendo. Akanafunsa kuti printa yanu ndi yanji, n'kusiya issue yotsegula kwa sabata ziwiri, sakanataya kanthu. Pamenepo ndili nanu.

Palinso china chimene ife timapunthwa nacho. Kwathu munthu suyamba nkhani usanapereke moni, ndipo yankho la mzere umodzi limamveka ngati kukupeputsa. Anthu ambiri olemba mapulogalamu, makamaka a kumpoto kwa Ulaya, amaona kuti kulemba mwachidule ndiko kulemekeza nthawi ya mnzako. Choncho musayese ulemu wawo ndi kutalika kwa moni. Chodabwitsa n'chakuti ifenso tikafika pa intaneti moni uja timausiya pakhomo, n'kulemba zinthu zimene sitingayerekeze kuuza munthu wamkulu maso ndi maso.

Nanga mutani? Choyamba pulumutsani bizinesi: bwererani ku version yakale imene inkagwira bwino. Pa GitHub, mapulojekiti ambiri amasunga ma version akale pa tsamba la Releases. Mukatero changu chija chatha, ndipo mutha kulemba mtima uli m'malo.

Kenako lembaninso pa issue yomweyo. Nthawi zambiri issue yotsekedwa imalolabe ndemanga, pokhapokha ngati aikhoma. Musatsegule yatsopano yonena zomwezo, zimenezo zimakwiyitsa. Pepesani ndi chiganizo chimodzi chokha, osati ndime yonse, kenako mupatseni zimene akusowa: version imene ili ndi vuto ndi yomaliza imene inkagwira bwino, kaya muli pa Windows kaya pa Ubuntu ndi version yake, dzina ndi nambala ya printa, kukula kwa pepala, ndi zimene mumadina mwandondomeko mpaka vutolo litaoneka. Jambulani lisiti lodukalo, koma la mayina ndi manambala ongopeka, osati la kasitomala weniweni. Yesaninso kusunga lisitilo ngati PDF. Ngati PDF ikutuluka bwino koma pepala likuduka, ndiye kuti mwina vuto lili pakati pa pulogalamuyo ndi driver ya printa (kapulogalamu kolumikiza printa ndi kompyuta), ndipo kungomuuza zimenezo mwamuchotsera theka la ntchito. Pomaliza nenani kuti ndinu wokonzeka kuyesa zimene angakonze pa printa yanu. Pa zonse zimene munthu wosalemba code angapereke, chimenechi n'chamtengo wapatali, chifukwa muli ndi chipangizo chimene iye alibe.

Za Chingelezi musade nazo nkhawa. Ambiri mwa anthu amenewa nawonso si chilankhulo chawo. Ziganizo zifupizifupi ndi chithunzi chimodzi chomveka zimaposa kalata yokongoletsedwa. Chimene muyenera kupewa ndi mawu olamula, ndiponso kubwerako tsiku lililonse kufunsa kuti zafika pati.

Zitheka kuti ngakhale mutachita zonsezi adzakana, kapena sadzayankha. Ndi ufulu wake. Pulogalamu ndi yake, ndipo akhoza kuona kuti printa ya mtundu wanu si nkhani imene akufuna kusenza. Apa m'pamene laisensi ija, imene inakumanani chitsimikizo, imakubwezerani china chachikulu. Code yonse muli nayo. Mutha kupeza mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba mapulogalamu, ambiri akumaliza maphunziro a zamakompyuta m'makoleji athu akusowa chochita, n'kumulipira kuti akonze vutolo ndi kutumiza pull request, pempho loti mwini pulogalamu alandire zokonzazo. Ikalandiridwa, mwathandiza aliyense amene ali ndi printa ngati yanu. Ikakanidwa, mumasunga kope lanu lokonzedwalo, imene amati fork, n'kumagwiritsa ntchito. Mapulogalamu ena otchuka anabadwa motero anthu atasemphana maganizo: LibreOffice inapatuka ku OpenOffice.org mu 2010, ndipo MATE inayamba mu 2011 chifukwa anthu ena sanafune kusiya maonekedwe a GNOME 2. Kungoti dziwani kuti fork ili ndi mtolo wake. Nthawi iliyonse pulogalamu yoyambirira ikasintha, wina ayenera kulowetsa zosinthazo mu kope lanu, ndipo winayo adzafuna malipiro.

Funso limene ndikubwezerani ndi la ndalama. Pulogalamuyi ikuyendetsa malisiti a shopu yanu tsiku ndi tsiku, kutanthauza kuti ikukupangirani phindu. Yang'anani ngati mwini wake ali ndi batani lolandirira thandizo la ndalama, ngati la GitHub Sponsors, Liberapay kapena Open Collective. Ndikudziwa kuti kutumiza ndalama kunja ndi khadi la banki ya kuno ndi mutu wina wowawa, makamaka masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja, choncho zikakanika musadziimbe mlandu. Mutha kuyankha mafunso a ogwiritsa ntchito atsopano pa tsamba lomwelo, kapena kulemba kalozera wachidule wa mmene munalumikizira printa yanu. Ndipo ngati mutumiza kandalama, musakatchule mu issue ya vuto lanu, chifukwa zidzaoneka ngati mukugula malo pamzere. Tumizani padera, vutolo likonzedwe kapena lisakonzedwe.