Chikopa chotani pa chigwiriro cha mpeni, nanga chibweza ndalama?

Funso: Ndimasula mipeni kuchokera ku masipulingi akale a galimoto. Chigwiriro chimakhala chitsulo chomwecho ndipo ndimachikulunga ndi mphira wa tchubu. Anthu amavomereza kuti mipeni yanga ndi yakuthwa, koma amanenerera kwambiri chifukwa cha maonekedwe. Ndikufuna kuyamba kukulunga ndi chikopa kuti ndikweze mtengo. Ndigule chikopa chotani, ndipo mpamba wanga ubwerera? Ndine wosula wa ku Dedza.

Yankho: Bambo, ganizo lanu ndi labwino, koma musanapite kukagula chikopa siyanitsani kaye makasitomala anu. Mayi wogula mpeni wosendera mbatata, kapena bambo wa pa butchala, chikopa sichingawathandize. Mpeni wawo umanyowa tsiku lonse, umakhudza magazi ndi mafuta, umatsukidwa ndi sopo. Chikopa chimamwa zonsezo, kenako chimanunkha ndi kuchita nkhungu. Amenewa apangireni chigwiriro cha mtengo kapena pitirizani ndi mphira. Chikopa chisungireni wogula mpeni wa kumunda ndi wa paulendo, wofuna mphatso, ndi alendo amene amaima pa malo ogulitsa ziboliboli. Awa ndiwo amalipira maonekedwe.

Zikopa zofufutidwa zimene mungapeze zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi lofufutidwa ndi makungwa a mitengo monga wattle, limene ogulitsa amalitcha veg tan. Lachiwiri ndi lofufutidwa ndi mankhwala a chrome, ndipo zikopa zambiri za majekete, zikwama, mipando ndi nsapato ndi za gulu limeneli. Pa chitsulo sankhani veg tan. Chimaumbika chikanyowa pang'ono, chikauma chimasunga mpangidwe wa chigwirirocho, ndipo chimalandira bwino phula. Cha chrome ndi chofewa, chimatamuka n'kuyamba kukhwepa, ndipo mchere wa mankhwala otsalira mkati mwake ukakumana ndi thukuta la m'manja umafulumizitsa dzimbiri pansi pamene diso silikuona.

Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Dulani kachidutswa muone pakati pake: cha chrome nthawi zambiri chimaoneka chotuwa mobiriwirako, cha makungwa chimakhala chofiirira mpaka mkati. Donthezani madzi: cha makungwa chosapakidwa kanthu chimamwa msanga n'kuda, ndipo mukachidinda ndi chikhadabo chidindocho chimatsala. Mukakayikabe, tenthani kachidutswako panja. Cha chrome chimasiya phulusa lobiriwira, cha makungwa chimapserera ngati khala, ndipo chikopa chabodza chodzaza pa kaunjika chimasungunuka n'kununkha pulasitiki. Malamba ndi zikwama zambiri za pa kaunjika ndi nsalu yokutidwa ndi pulasitiki kapena zinyenyeswa za chikopa zomatidwa ndi guluu. Mukazipinda zimang'aluka pamwamba. Zisiyeni ngakhale zitatchipa bwanji.

Chikopa chosafufuta, chonga chokungira ng'oma, chimakopa anthu chifukwa chimapezeka pafupi ndipo chikauma chimagwira zolimba. Vuto lake n'loti chikanyowanso chimafewa n'kuterera, tizilombo timachidya, ndipo ngati anachisunga ndi mchere ndiye kuti mwamangirira nokha dzimbiri pa mpeni wanu.

Kukhuthala ndi kumene ambiri amataya ndalama. Chokulungira chikhale pakati pa 1 mm ndi 1.5 mm. Chikapitirira 2 mm sichigona bwino pokhota, chimasiya mphako, ndipo m'mphakomo ndi mmene madzi amakhala. Chikachepera 0.8 mm chimang'ambika mukamakoka ndipo guluu amabowola n'kuonekera kunja ngati madontho akuda. Ogulitsa ena amayeza kukhuthala mu ma ounce: ounce imodzi ndi pafupifupi 0.4 mm, choncho mukapemphe cha 3 kapena 4. Cha mbuzi n'chabwino kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa ndi chopyapyala mwachibadwa koma cholimba, ndipo timabampu take timathandiza dzanja kugwira. Cha nkhosa ayi, chimasendeka msanga. Ngati ndi cha ng'ombe, tengani cha pamsana kapena paphewa. Cha pamimba chimatchipa, koma ulusi wake ndi wotayana ndipo chimatamuka osabwerera.

Dziwaninso kuti chikopa chopyapyala pa chitsulo chaphwatalala cha 4 mm kapena 5 mm sichipanga chigwiriro. Dzanja lidzamvabe m'mbali mwa chitsulocho. Muyenera kuchinenepetsa kaye mpaka chifike masentimita 8 kapena 9 pozungulira. Matani timatabwa tiwiri mbali zonse, kapena zidutswa za chikopa chokhuthala cha 3 mm mpaka 4 mm, kapena kulungani chingwe cha thonje mothinana n'kuchinyowetsa ndi guluu. Chikopa chokongola chija chimabwera pamwamba pa zimenezi.

Chitsulo chikonzeni bwino, chifukwa apa m'pamene mpeni umabwezedwa kapena kuyamikiridwa. Ngakhale veg tan, chikakhudza chitsulo chamaliseche pali chinyezi, chimada bii ngati chathiridwa inki, pakuti mankhwala a m'makungwa amagwirizana ndi chitsulo. Choncho chotsani dzimbiri lonse, palani m'mbali mwakuthwa ndi tupa, kwechani ndi sandipepa wa nambala 80 kuti guluu apeze pogwira, pukutani mafuta ndi sipiriti kapena thina, ndiye pakani vanishi kapena penti woteteza dzimbiri kawiri. Mumusiye aume tsiku lathunthu. Amene amathamanga pamenepa amaona chikopa chikusendeka pamodzi ndi penti wosauma.

Pokulunga, dulani lamba wa masentimita 2 m'lifupi, motsata msana wa chikopacho. Palani m'mphepete mwake kunsi ndi lumo kuti achepe, apo ayi pamene lambayo akudzigundira padzatuluka mzere wotupa wopweteka dzanja. Munyowetseni pang'ono, osamuviika, kulungani chigwiriro ndi pepala la pulasitiki, ndiye muzungulize lambayo mokoka n'kumumanga ndi ulusi. Agone choncho usiku pamthunzi. Padzuwa kapena pafupi ndi moto wa posulira chikopa chimauma gwa n'kung'aluka. M'mawa mwake mumasule, chotsani pulasitiki, ndipo mudzapeza lambayo watenga kale mpangidwe. Apa ndiye pakani guluu, chifukwa guluu wa osoka nsapato sagwira pa chikopa chonyowa. Pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 10 mpaka 15 kufikira asakumateni chala, kenako kulungani kuyambira kumchira kupita kumpeni, ulendo uliwonse ukuphimba theka la sentimita la unzake. Guluu ameneyu akagwira wagwira, sasuntha, choncho muyambe mwalunjika. Nsonga zonse ziwiri muzimange ndi ulusi wa nayiloni wopaka phula, maulendo 8 kapena 10, mfundo yake muibise pansi. Chigwiriro chimayamba kumasuka kunsonga, ndipo guluu payekha sakwanira pamenepo.

Pomaliza pakani phula la njuchi, litenthetseni pang'ono kuti lilowe, n'kupukuta ndi nsalu. Mafuta ophikira amavunda n'kununkha. Oyilo wa galimoto amaononga chikopa ndipo amafooketsa guluu.

Tsopano tiwerengere, popeza funso lanu lenileni ndi la mpamba. Chigwiriro cha masentimita 11 m'litali ndi 9 pozungulira chimafuna maulendo pafupifupi 8 a lamba uja. Kuphatikiza kotsalira kogwira pokoka, ndi lamba wa masentimita 85, kapena kuti masikweya sentimita 170. Chikopa chimagulitsidwa pa sikweya futi, yomwe ndi masikweya sentimita 929, ndiye sikweya futi imodzi ikupatsani zigwiriro 5. Koma musawerengere chikopa chonse. M'miyendo, m'khwapa, m'mabowo ndi m'zipsera mumatayika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chikopa cha mbuzi cha masikweya futi 5 chiyembekezereni kukupatsani zigwiriro 18, osati 25.

Mitengo imasintha, choncho manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, muikemo anu. Tinene kuti chikopacho mwagula K30,000. Chigwiriro chimodzi chadya pafupifupi K1,700. Guluu, vanishi, ulusi, sandipepa ndi phula tinene K800. Ntchito yonse ikutengerani ola limodzi, ndipo ngati pa tsiku la maola 8 mumapeza K12,000 posula, ola limenelo ndi K1,500. Amisiri ambiri saliwerengera ola limeneli, n'chifukwa chake amagulitsa zambiri koma m'thumba muli mbee. Zonse pamodzi ndi K4,000. Onjezani K400 ya chimodzi mwa zigwiriro 10 chomwe chidzaonongeka pamene dzanja likuzolowera. Ngati mpeni wachikopa sungakwere mtengo ndi K6,000 kapena kuposa poyerekeza ndi wamphira, mukungodzitopetsa, ndipo ola limenelo ndi bwino musule mpeni wina.

Pa chifukwa chimenechi sitikukulangizani kuyamba ndi chikopa chathunthu. Pitani kwa osoka nsapato, opanga malamba ndi zikwama, mukagule zodula zotsala. Iwo amazitaya kapena kugulitsa motchipa, pamene inu kachidutswa ka masentimita 12 ndi 10 kakukwanirani kukuta chigwiriro chonse ngati mwasankha kusoka msoko umodzi kunsi m'malo mozunguliza lamba. Njira yosokayi imadya chikopa chochepa, ngakhale imafuna kubowola timabowo motalikirana 4 mm kapena 5 mm ndi kusoka ndi singano ziwiri. Pangani mipeni 10 yokha. Umodzi muugwiritse ntchito inu mwini mwezi wathunthu, unyowe ndi kuuma, kenako mung'ambe chikopacho muone ngati pansi pali dzimbiri. Isanu ndi inayi yotsalayo muiike pambali pa yamphira, mtengo wake wosiyana, ndipo lembani m'kope kuti uliwonse watenga masiku angati komanso wagulidwa zingati mutanenererana. Kopelo ndilo lidzakuuzani ngati muyenera kugula chikopa chathunthu.

Wogula mpeni wa chigwiriro chachikopa kawirikawiri amafunsanso chimake. Chimenecho chimafuna veg tan wokhuthala 3 mm kapena kuposerapo ndipo chimadya chikopa chambiri kuposa chigwiriro, choncho chikhale ndi mtengo wakewake, musachipereke ngati basela. Wofuna kuti mumulembere dzina pa chikopa alipire theka musanayambe, chifukwa akapanda kubwera mpeniwo palibe winanso adzaugule.

Padzabwera wina wokuuzani kuti chikopa cha nsato, cha ng'ona kapena cha nyama ina ya kutchire chingakwezetse mtengo. Mukane. Lamulo la National Parks and Wildlife, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusunga kapena kugulitsa zikopa za nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 kundende. Mbuzi ndi ng'ombe zikukwanirani. Alendo okwera ndege muziwakumbutsa kuti mpeni uikidwe m'chikwama chachikulu chopita ku katundu, chifukwa m'chikwama cha m'manja adzaulanda pa bwalo la ndege.