Masitazi ya acupuncture: musanalipire, funsani kaye kumene mudzagwire ntchito

Namwino wina wokhala ndi digiri wandilembera imelo. Akufunsa ngati n'kwanzeru kupita kunja kukachita masitazi ya acupuncture, chithandizo chija chobaya timasingano pathupi, pamodzi ndi mankhwala azitsamba a ku China. Akufunanso kudziwa koyenera kupita.

Achemwali, nkhani ya sukulu ibwere pambuyo. Choyamba n'chakuti mukamaliza mudzagwira kuti ntchito, chifukwa satifiketi ya ku Beijing siilandiridwa paliponse. Ku South Africa mumayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council. Ku America zigawo zambiri zimafuna kuti mukhoze mayeso a NCCAOM, bungwe loyesa ofuna kugwira ntchito ya acupuncture, sukulu yanunso ikhale yovomerezedwa ndi bungwe la ACAHM. Ngati mtima uli kumudzi, lemberani a Medical Council of Malawi ndipo akuyankheni polemba, musanatulutse ngakhale tambala.

Ku China masitazi ndi zaka 3, koma anzanu a m'kalasi amakhala atachita kale zaka 5 za digiri yoyamba ya maphunziro omwewa. Mukafika pa Beijing University of Chinese Medicine, yomwe idayamba mu 1956, kapena ku Nanjing, iwo amakhala ataloweza kale zomwe inu mukuziona koyamba. Ndiye pali chilankhulo. Makalasi ena alipo a Chingerezi, koma agogo amene abwera kuchipatala ndi bondo lotupa sadzakufotokozerani ululu wawo m'Chingerezi. Yambani lero kukonzekera HSK, mayeso a chilankhulo cha Chitchaina. Ku America n'kosiyana: masitazi ya zaka 3 kapena 4 ndiye poyambira penipeni, koma fizi yake ndi yoboola m'thumba.

Ntchito yeniyeni ili m'zala. Mudzaphunzira malo 361 obaya, aliwonse ndi dzina lake ndi kuya kwake. Mudzaika zala zitatu pamkono wa wodwala, mphunzitsi n'kukufunsani ngati mtsempha ukugunda moterera kapena mokungika ngati chingwe, kenako muyang'ane lilime. Apa unamwino wanu udzakuthandizani, poti mukudziwa kale pomwe pali mapapo, ndipo singano yolowa kwambiri pachifuwa imatha kuwaboola.

Ine ndikuti pitani, koma maso ali poyera. Mphamvu imene amaitcha qi, yomwe a acupuncture amati imayenda m'thupi, palibe adaipeza poyeza thupi. Umboni womwe ulipo woti acupuncture imathandiza ndi wa ululu wamgonagona makamaka: ku Britain, bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a chithandizo m'zipatala, lidavomereza acupuncture mu 2021 pa ululu wokhalitsa wosadziwika gwero, chonsecho mu 2016 lidaikana pa msana. Kumbali ya zitsamba, taganizirani za Tu Youyou, mayi amene adalandira Nobel mu 2015. Iye adapeza artemisinin m'chitsamba cha qinghao, ndipo LA amene mumapatsa odwala malungo adachokera kumeneko. Koma chitsambacho chidayamba chadutsa mulabotale. Pamene mukusankha sukulu, funsani ngati amaphunzitsa kafukufuku, komanso kuti ndi maola angati amene mudzakhale ndi odwala enieni mphunzitsi ali pambali panu.