Accent ndi dialect, kusiyana kwake nkotani?

Funso: Akonzi, aphunzitsi athu amati accent, kenako dialect, ine mutu wabalalika. Si chimodzimodzi kodi? Wophunzira wa Fomu 3, Zomba.

Yankho: Ayi mphwanga, nzosiyana ndithu. Accent ndi katchulidwe chabe, mawu ndi omwewo koma lilime likupinda mwina, ngati mmene ambirife timasokonezera l ndi r tikamayankhula Chingerezi. Dialect ndiye imapita patali, mawu enieniwo amasintha, pena ndi kasanjidwe ka ziganizo komwe, koma mumamvanabe bwinobwino. Chimang'anja cha ku Chikwawa ndi Chichewa cha ku Kasungu ndi ma dialect a chiyankhulo chimodzi, chomwe muno m'Malawi chinkatchedwa Chinyanja mpaka 1968, ku Zambia dzinalo likadalipo mpaka pano. Pamayeso osazisakaniza ziwirizi, amadula malikisi.