Tifunseni: Anthu a ku Amereka ndiwakope bwanji kuti abwere ku Likoma?

Funso: Ndili ndi kaloji kakang'ono pa chilumba cha Likoma koma alendo anga ambiri ndi a ku Ulaya basi, a ku Amereka sabwera. Ndipange bwanji? — Wowerenga, Likoma

Yankho: Achimwene, Amereka ndi kutali, palibe ndege yochoka kumeneko kutera ku Lilongwe, amayenera kudutsa ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndiye pa Facebook kapena Instagram panupo muziwalembera ulendo onse momveka, mpaka kandege kochoka ku Lilongwe kapena sitima ya Ilala kwa amene sakuthamanga. Holide yawo imakhala yaifupi, sakonda zongoyerekeza.

Nanga muwaonetsa chani? Mchenga okha ayi, ku zilumba za Caribbean ulinso pafupi nawo. Aonetseni mbuna, tinsomba tokongola ta m'nyanja ya Malawi! Ambiri ku Amereka amaweta tinsomba timeneti m'magalasi m'nyumba, mukawauza kuti abwere adzasambire nato m'nyanja yake yeniyeni yopanda mchere amatengeka heve. Kenako tchalitchi cha St Peter's chija anayamba kumanga mu 1903, chachikulu zedi pakachilumba kotere, ndi milambe.

Juni mpaka Ogasiti ana awo amakhala atatsekera sukulu, kuno mvula kulibe. Mitengo lembani m'madola, ndipo za malungo muziwauza chilungamo, amafunsa kwambiri.