Kodi simulator ingamuphunzitse dokotala kuyendetsa waya m'mitsempha?

Mwalemba pa imelo kuti mukuyamba maphunziro a interventional radiology (kuchiza polowetsa waya ndi timachubu m'thupi, makamaka m'mitsempha ya magazi, mukuona pa X-ray), ndipo mukufunsa ngati simulator, makina oyesererapo ntchitoyi, ikukwanira kuti dzanja lizolowere musanakhudze wodwala. Pa zina ikukwanira, pa zina ayi.

Makina ngati VIST ya Mentice kapena ANGIO Mentor ali ndi bokosi lokhala ndi kabowo. Mumalowetsamo waya ndi katheta (kachubu kopyapyala koyenda pa waya), masensa n'kumawerenga mmene mukukankhira ndi kupotoza, ndipo pa sikirini pamaoneka chithunzi cha X-ray. Mukaponda pedulo amawerenga mphindi za X-ray, mukapopa contrast (mankhwala oonetsa mitsempha pa X-ray) amawerenga mamililita. Ena amalandira CT scan ya wodwala weniweni, moti mitsempha imene mukaigwire mawa mungaiyeserere lero.

Phindu lalikulu lili apa. Waya wa mainchi 0.035 ukakana kupita, wophunzira aliyense amafuna kukankha. Pa munthu, kukankhako kumang'amba khungu la m'kati mwa mtsempha, magazi n'kulowa pong'ambikapo, njira n'kutsekeka. Pa makina mungalakwitse mobwerezabwereza popanda wovulala, mpaka dzanja litaphunzira kubweza waya pang'ono, kuupotoza, n'kuyesanso mofatsa. Muzoloweranso kuti katheta isatsogole waya, ndiponso kuti posintha katheta dzanja limodzi ligwire waya osasuntha, maso ali pa nsonga yake.

Koma makina ambiri amayambira poti sheath, kachubu kakafupi kolowetseramo waya ndi katheta mumtsempha, yalowa kale, chonsecho ngozi zina zoopsa zimayambira pobaya. Njira ya Seldinger, ya mu 1953, ndi iyi: singano, waya kudzera m'singano, kuchotsa singano, kenako sheath pa waya. Mukabaya mtsempha wa femoral (wa m'ntchafu) pamwamba pa inguinal ligament (kamnofu kolimba ka pamalire a mimba ndi ntchafu), magazi amatayikira m'kati, kuseri kwa mimba, komwe chala sichingafike kukapanikiza. Izi yesererani pa chidutswa cha jelatini chokhala ndi kachubu, ndi ultrasound, singano ya 21 gauge ndi waya wa 0.018.

China chimene ndimachiopa ndi mpweya. Kompyuta siikudzudzulani mukasiya kathovu m'sirinji, pomwe m'mitsempha yopita ku ubongo kathovu komweko kangayambitse sitiroko. Pamenepa mitsempha yoonekera ya silikoni, yolumikizidwa ku pampu, ndiyo yabwino: kathovu mumakaona ndi maso kakuyenda.

Musamayeserere nokha, poti dzanja limasunganso zolakwika. Mphunzitsi akhale pambali, ndipo mukamaliza onani naye manambala: mphindi za X-ray ndi contrast zikutsika kodi, popanda kulumpha sitepe?