Mwana akukodza modontheza: musaope kukamujambulitsa

Amayi, mwati mwana wanu wamwamuna wa miyezi 7 amakodza modontheza, amachita kudzikakamiza mpaka kulira, ndipo thupi limatentha pafupipafupi. Ku health centre akupatsani kalata yopita ku Kamuzu Central, koma apongozi akuti makina ojambulira amawotcha mwana. Pitani ndithu, musadikire.

Poyamba adzamujambula ndi ultrasound, sikani yomwe ija ya amayi oyembekezera. Ilibe cheza cha X-ray ndipo sipweteka. Amapaka jelo pamimba ndi kumsana, n'kuona ngati impso zatupa ndi mkodzo wosatuluka, ngati timachubu totsikira m'chikhodzodzo tatanuka, komanso ngati khoma la chikhodzodzo lakhuthala chifukwa chokankha mkodzo movutikira. Muyamwitseni bwino musanalowe, chikhodzodzo chodzaza ndicho chimaoneka bwino.

Koma sikaniyi ili ngati kuona madzi atasefukira mu ngalande: mwadziwa kuti patsekeka, koma chotsekacho simunachione. Kwa mnyamata wa zizindikiro zimenezi madokotala amaganizira kaye za posterior urethral valves, timinofu topyapyala tobadwa nato timene timatchinga njira ya mkodzo pansi penipeni pa chikhodzodzo. Atsikana sakhala nato. Kuti atsimikize amachita MCUG: amalowetsa kachubu kakang'ono m'njira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo, kuthiramo madzi ooneka pa X-ray, n'kujambula mwana akukodza. Pamenepo amaonanso ngati mkodzo ukubwerera kumtunda ku impso. Apa cheza chilipo pang'ono, sindikubisirani, ndipo mwana adzalira. Koma impso ikawonongeka sibwerera, n'chifukwa chake ine sindingakane. Asanatero amayeza mkodzo, ukapezeka ndi tizilombo amayamba achiza. M'magazi amayezanso creatinine, chinyalala chimene impso zimachotsa m'thupi, kuti adziwe mmene impso zikugwirira ntchito.

Inu ena mukuwerenga muli ndi ana okulirapo amene amasambira kunyanja ku Salima kapena m'madambo: likodzo losachizidwa nalo limapanikiza timachubu totsikira m'chikhodzodzo tija, ndiye muziwauza adokotala kumene mwana amasamba.

Amayi, tengani buku lake la kuchipatala ndi lanu la sikelo, mwina sikani ya pa mimba inaonetsa kale kanthu. Mankhwala a zitsamba okodzetsa musamupatse. Akasiyiratu kukodza, pansi pa mchombo pakatupa, akayamba kusanza kapena kukana bere, musadikire tsiku lolembedwa pa kalata. Thamangani nthawi yomweyo, amayamba amuika kachubu kotulutsa mkodzo, kujambula kumabwera pambuyo.