Yambani ndi AutoCAD, Revit idzabwera pambuyo

Mwafunsa kuti muyambe ndi pulogalamu iti ya pa kompyuta yojambulira mapulani ngati mukufuna ntchito yokonza mkati mwa maofesi ndi mashopu. Yambani ndi AutoCAD, chifukwa mapulani ambiri ochokera kwa eni nyumba amabwera ngati fayilo ya DWG, womwe ndi mtundu wa mafayilo a AutoCAD. SketchUp ndi yoonetsera kasitomala chithunzi cha 3D. Revit, yojambulira nyumba yonse mu 3D, mudzaifuna mukalowa kampani yogwira limodzi ndi mainjiniya.

Komatu kompyuta siyeza chipinda. Pitani nokha ndi tepi, muyeze makoma, zipilala, mawindo ndi pamene pali masoketi, pakuti pulani yakale nthawi zambiri imasiyana ndi zimene amisiri anamanga. Mukatsegula fayilo, onani kaye mayunitsi, kutanthauza miyezo imene anagwiritsa ntchito: desiki yojambulidwa mu mainchesi ikalowa m'pulani ya mamilimita imachepa ka 25.4, n'kumaoneka ngati kabokosi ka machesi.

Desiki wamba ndi mamilimita 1400 kwa 700. Kumbuyo kwake siyani pafupifupi 1000 kuti mpando uzibwerera, njira yaikulu isachepere 1200, ndipo njinga ya olumala imafuna 1500 kuti itembenuke. Mipando, magetsi ndi makoma muziike m'maleya osiyana, omwe ndi magawo a pulani amene mungaonetse kapena kubisa paokha. Jambulaninso mmene chitseko chilichonse chimatsegukira. Ambiri amaiwala zimenezi, mapeto ake kabati imatchinga khomo lothawira moto.